Timabowo tiwiri ta pakhoma la holo ya kuesiteti

Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, njira yathu yachidule yopita ku Chitakale inakokoloka, ndiye kwa miyezi ingapo tinkazungulira m'minda ya tiyi, kudzera kumalayini komwe ndinabadwira. Tsiku lina ndili ndi mwana wanga wamkazi, yemwe nthawi imeneyo anali Sitandade 6, tinafika pa holo yakale ya esiteti. Denga linali litasasuka mbali imodzi, malata atapindikapindika ngati masamba a nthochi. Khoma lakumbuyo linali chiimire, ndipo m'mwamba mwake munkaoneka timabowo tiwiri ta ngodya zinayi, kena kokulirapo, kena kakang'ono.

"Adadi, timawindo timeneto n'ta nkhunda?"

Ndinamuuza kuti ayi. Kakakuluko kanali kotulukira kuwala kwa kanema, ndipo kakang'onoko ndi pomwe agogo ake aamuna, bambo anga, ankasuzumira kuti aone ngati chithunzi chakhala bwino pakhoma lakutsogolo. Mwanayo anaima. Kanema muno? Anayamba liti? Anthu ankalipira zingati? Nanga anasiyiranji? Ndinapezeka ndikungomeza malovu, ine mwana wa munthu amene ankayendetsa makinawo.

Bambo anatisiya zaka zingapo Freddy asanabwere. Holo itasiya kuonetsa kanema, mabwana anawapatsa pulojekita ija poti panalibenso woifuna, ndipo inakhala kuchipinda kwawo itafunditsidwa chitenje. Pomwe tinkasonkha ndalama za chiliza, simenti inatiperewera. Kunabwera anyamata ogula zitsulo aja, oyenda ndi sikelo panjinga, ndipo ine ndi amene ndinaitulutsa. Anaiyeza ngati nandolo. Ndalama yake sinakwane ngakhale thumba limodzi la simenti. Mpaka lero ndikakumbukira, mtima umandiwawa, ndipo n'chifukwa chake ndikulemba izi. Kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo mukhoza kupeza nyumba inanso yotere, yomwe lero ndi tchalitchi, chigayo kapena mosungira feteleza, koma kale anthu ankasonkhanamo. Amene akudziwa mbiri yake akutha, ndipo ndikufuna wina amene angafune kuifufuza asapunthwe pomwe ndinapunthwa ine.

Ulendo woyamba ndinalakwitsa chilichonse. Ndinavala malaya akuntchito, ndinatenga kope ndi bolopeni, n'kupita kwa mkulu wina amene anali kapitawo nthawi ya bambo. Titangopatsana moni ndinayamba: "Kanema anayamba chaka chanji?" Anayang'ana kopelo, anayang'ana ine, n'kunena kuti zakale sazikumbuka. Kenaka anafunsa ngati ndikulemba mayina a Mtukula Pakhomo. Nditati ayi, nkhani inathera pomwepo. Anthu a msinkhu umenewo anakula nthawi yomwe munthu wolemba zimene ukunena sanali wabwino, ndipo masiku ano wobwera ndi kope amakhala wa bungwe. Ine sindinali mwa awiriwa, koma ndinaoneka ngati onse.

Amalume ndi amene anandiwongola. "Mphwanga, kuona maso a nkhono n'kudekha. Sunauze amfumu, sunanene kuti ndiwe mwana wa yani, ukungofika ndi mafunso ngati wapolisi. Ndipo amuna aja ankalowa ataledzera. Kafunse amayi omwe ankagulitsa pakhomo."

Ndinachita zomwezo. Ndinakaonekera kwa amfumu, ndinasiya kope kunyumba, ndinanyamula shuga paketi imodzi ndi sopo, ndiponso chinthu chimodzi chomwe chinapulumuka kwa ogula zitsulo: mkombero wopanda filimu, wokhala ngati gudumu lopyapyala, womwe mayi ankavundikirira ndowa ya ufa. Chinthu chimenechi chinandigwirira ntchito kuposa mafunso anga onse. Anganga ena a kumudzi kwa amalume, omwe maso awo achita khungu pang'ono, anangochigwira, kuyendetsa zala m'mabowo ake, n'kuseka. "Ichi ndi cha bambo ako. Chikamatha chinkalira kuti phaphapha, ife panja tinkadziwa kuti konzekani, akutuluka kudzagula." Analankhula mpaka dzuwa kupendeka, ine osafunsa kanthu.

Kanema ankaonetsedwa Loweruka la malipiro. Anthu akaweruka kothyola tiyi, masamba atayezedwa, ankathamangira kumalayini kukasamba, ndipo mdima usanagwe pakhomo pa holo panali pataikidwa kale malichero a zitumbuwa, chinangwa chophika, kalongonda, mizimbe ndi zinanazi zodula, aliyense ndi koloboyi wake. Mkati, ana ankakhala pansi kutsogolo, akuluakulu pamabenchi, ndipo kumbuyo kunali mipando ya makalaliki ndi akapitawo. Mabwana sankabwera, anali ndi kalabu yawo. Nsalu yoonetserapo kunalibe. Linali khoma chabe lopakidwa laimu, ndipo bambo ankalipakanso mvula ikatha chifukwa chinyezi cha kuno chinkalidetsa mawangamawanga. Anganga aja anati nthawi ya chiperoni anthu ankakonda kanema kuposa nthawi ina iliyonse, osati chifukwa cha filimu, koma poti mkatimo munkafunda.

Za makinawo anandifotokozera ndi bambo wina yemwe ali mnyamata ankathandiza bambo anga kunyamula zitini za filimu. Ameneyu ndinapita naye pa holo penipenipo, ndipo ndikulangiza aliyense kuchita chimodzimodzi, chifukwa munthu akaponda pamalo, miyendo imakumbuka zomwe mutu unaiwala. Anandionetsa pomwe panali makwerero a matabwa opita kukachipinda ka bambo, ndi pomwe waya wa magetsi ochokera kufakitale ankalowera. Filimu inali ya 16 mm, yobwera kuchokera ku Blantyre pagalimoto ya kampani, m'zitini zozungulira. Mkombero umodzi waukulu unkatha mphindi 40 ndi zingapo, ndiye filimu yaitali inkabwera m'mikombero iwiri kapena itatu. Poti makina anali amodzi, pakati pankakhala kupuma kuti bambo achotse wotha n'kulowetsa wina, ndipo nthawi imeneyo ndi yomwe amayi a panja ankagulitsa. Mawu ankakhala pakamzere ka m'mphepete mwa filimu yomweyo, kowerengedwa ndi kababu kakang'ono, moti kakapsa anthu ankaona milomo ikugwedezeka popanda kumva kanthu. Filimu ikakodwa pamaso pa babu lalikulu, kutentha kunkaiboola, ndipo pakhoma pankaoneka bowo likukula ngati moto wolusa patchire. Ana ankakuwa. Bambo ankazimitsa, kudula pomwe papsapo, kulumikiza, n'kuyambiranso, anthu akuimba malikhweru.

Anandiuzanso za tsiku lomwe zitini zinasokonekera, mkombero wachitatu n'kulowa usanalowe wachiwiri. Munthu amene anthu anamuona akuikidwa m'manda anatulukiranso ali pahatchi. Holo yonse inaphulika: "Wadzuka! Wadzuka!" Bambo sanavomere kuti analakwitsa mpaka Lolemba. Ine bambo ndinawadziwa ngati munthu wosalankhulalankhula, wa nkhope yolimba. Kumva kuti anatsika pamakwerero aja akuseka mpaka kugwira m'mimba kunandipatsa munthu wina amene sindinakumane naye.

Filimu isanayambe onse ankaimirira nyimbo ya fuko, chithunzi cha Kamuzu chili pakhoma, ndipo wokhala pansi ankadziputira mlandu kwa ayufi. Kenaka pankabwera kafilimu kakafupi ka zaulimi, zaumoyo kapena za maulendo a boma, kofanana ndi tomwe galimoto za Information ndi galimoto zachikasu za a zaulimi zinkaonetsa m'midzi. Ikatha imeneyo ndiye yeniyeni: ya anthu a zipewa zazikulu owomberana ali pamahatchi, ya karate, kapena yachimwenye yodzaza nyimbo. Zonse zinkayamba zadutsa ku Censorship Board, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968. Mwamuna ndi mkazi akangoyandikizana nkhope, chithunzi chinkadumpha, n'kupezeka kwacha kale, ndipo anyamata a kumbuyo ankafuula kuti "Adula!" Ena ankaganiza kuti amadula ndi bambo. Mayi anandiuza kuti pena ankanyozedwa nazo pachitsime.

Munthu amene aliyense anamutchula, ngakhale sindinamufunse, anali womasulira. Anali mkulu wina yemwe anagwirako ntchito m'migodi ya ku Joni, ndipo ankatchula kanema kuti bayisikopo. Ankaima pambali pa khoma ndi kandodo, n'kumauza anthu zomwe azungu a m'filimu akunena, m'Chichewa chosakaniza ndi Chilomwe. Pomwe Chingerezi chamupitirira ankangoikapo zake, ndipo anthu ankakonda zakezo kuposa zenizeni. Ankapatsa anthu a m'filimu mayina a akapitawo a pa esiteti pomwepo, woipa mtima n'kumutcha dzina la amene ankadula anthu makilo pasikelo. Ndikamamva anyamata a masiku ano omwe amamasulira mafilimu m'Chichewa n'kumatiikira m'mafoni, ndimaona kuti luso limeneli silinayambe ndi iwo. Linayamba ndi anthu ngati mkulu uja, amene palibe anamujambula ngakhale liwu limodzi.

Zaka ndi zimene zinandivuta kwambiri, mpaka nditasiya kuzifunsa. Munthu wamkulu ukamufunsa chaka amakupatsa chilichonse kuti umusiye. Koma ukamufunsa kuti ankalipira ndalama yanji, kapena anali ndi mwana uti kumsana, amayankha mosakayika. Agogo ena anati ulendo wawo woyamba analipira tiki. Tiki ndi ndalama ya nthawi ya mapaundi, ndipo kwacha ndi tambala zinabwera mu 1971, choncho kanema analipo chisanafike chaka chimenecho. Womasulira uja anayamba atangobwerako ku Joni, pomwe boma linaimitsa ulendo wa Wenela, bungwe lotenga anthu kupita kumigodi, ndege itagwa ku Francistown, ndipo zimenezo zinachitika mu 1974. Amayi ena anakumbukira kuti holo inkadzaza mpaka ena kuonera pawindo nthawi yomwe othawa nkhondo a ku Mozambique anachuluka cha ku Muloza, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Wina anati Loweruka lotsatira Napolo wa ku Phalombe kanema sanaonetsedwe chifukwa anthu anali pa maliro, ndiye kuti mu 1991 makina anali akugwirabe ntchito. Ndipo onse anagwirizana kuti pa referendamu ya nyali ndi tambala mu 1993 kanema anali atayamba kudumphadumpha, mwezi uno alipo, mwezi wamawa palibe, ndipo pomwe TVM inkatsegulidwa mu 1999 m'holomo munali kale matumba a feteleza. Ndinajambula mzere papepala, n'kuika zochitika zodziwikazi, kenaka n'kumapachikapo nkhani ya aliyense ngati zovala pachingwe.

Pena anthu amatsutsana, ndipo musathamangire kuweruza. Amuna awiri anakangana pamaso panga, wina akuti polowa inali 5 tambala, wina 10 tambala, mpaka kutsala pang'ono kutukwanizana. Mkazi wa mmodzi wa iwo ndi amene anamasula ali kukhitchini: wina ankakhala pabenchi, winayo pampando. Onse ankanena zoona. Kuyambira pamenepo ndimakonda kukhazika anthu awiri kapena atatu pamodzi, chifukwa wina akalakwitsa mnzake salola.

Chomwe chinapha kanemayo aliyense ali ndi chake. Wothandiza bambo uja akuti zitini zinasiya kubwera, poti ngakhale ku Blantyre komwe, kumene kunali nyumba ya kanema ya Apollo ndi kanema woonera uli m'galimoto, malonda a kanema anali akuzilala. Kalaliki wina wakale akuti kwacha itayamba kugwa mu 1994, babu limodzi la pulojekita linasanduka ndalama yoti ofesi iyambe yakhalira pansi. Anzanga a msinkhu wanga akuti tinaupha ndife, ndipo akunena zoona. Pa Chitakale ndi pa Limbuli panatsegulidwa mavidiyo sho, tizisakasa ta masaka ndi mapepala apulasitiki, sipika ili panja, bolodi lolembedwa ndi choko pakhomo. Kumeneko filimu inkayamba m'mawa mpaka usiku tsiku lililonse, yosadulidwa, ndipo sitelingi ankamenya anthu makumi awiri popanda kudikira kuti wina asinthe mkombero. Ine ndemwe ndinkathawa kunyamula zitini za bambo n'kukakhala m'chisakasa. Sanandikalipirepo. Pambuyo pake mavidiyo sho nawonso anagonja kwa mpira wa pa DStv ndi mafoni, moti ambiri otsalawo amadzaza pokhapokha kukakhala mpira wa ku England.

Mayi ataona kuti nkhaniyi yandigwira mtima, anatulutsa chitini chimodzi pansi pa sutikesi ya bambo. Nditatsegula, fungo linandimenya ngati la viniga amene amathira pa tchipisi. Ndinafunsafunsa kwa odziwa, ndipo izi n'zimene ndikufuna aliyense wopeza filimu yakale adziwe. Fungo limenelo ndi chizindikiro choti filimu yayamba kuwola. Pulasitiki yake ikakhala motentha ndi monyowa imatulutsa asidi, imakwinyika, imauma n'kumathetheka, ndipo kuno kwathu kwa mvula ndi nkhungu zimachitika msanga. Asidiyo amawononganso mafilimu ena omwe ali pafupi, choncho yonunkha ikhale payokha. Musaitsuke, musaiyanike padzuwa, ndipo musalole munthu aliyense kuiyesa m'makina, chifukwa mano a makinawo amang'amba filimu yokwinyika. Isungeni pozizira ndi pouma, osati pansi pa simenti kapena kudenga pafupi ndi malata. Ya 16 mm sigwira moto mwachisawawa, koma mukapeza yotambalala ya 35 mm yakale kwambiri, ya zaka za m'ma 1950 zisanafike, samalani nayo chifukwa mtundu umenewo umayaka koopsa. Matepi a vidiyo nawo akachita nkhungu yoyera mkati musawalowetse m'deki, muwononga tepi ndi deki yomwe.

Ine ndinasamba m'manja, ndinatambasula pang'onopang'ono kotalika ngati mkono, nditagwira m'mphepete mokha, n'kuyang'anitsa kuwala kwa pawindo. Munali tizithunzi ta bambo wina atagwira khasu, akuonetsa kakonzedwe ka mizere pamalo otsetsereka. Ndinatijambula ndi foni, kamodzikamodzi, n'kubwezeretsa.

Ndinapitanso ku Blantyre, ku laibulale ya Society of Malawi yomwe ili ku Mandala House, ndipo anandilandira bwino. Kumeneko ndinawerenga za tiyi wa kwathu, momwe Henry Brown anayambira kumudzala ku Mulanje cha m'ma 1890, ndi momwe minda inafalikira mpaka ku Thyolo. Ndinaona zithunzi za mafakitale ndi za mizere ya anthu atabereka madengu. Amene akufuna mapepala a boma apite ku National Archives ku Zomba. Malo amenewa ndi ofunika, ndipo amathandiza kutsimikiza zaka. Koma mabuku a tiyi amawerenga maekala ndi makilo. Zomwe wothyola tiyi ankachita Loweruka madzulo, chomwe chinkamuseketsa, dzina lomwe anapatsa munthu woipa wa m'filimu, zimenezo zili m'kamwa mwa anganga okha. Muyambe kumudzi, ku tauni mupite pambuyo.

Za kujambula mawu, pemphani kaye, ndipo nenani poyera kuti simunatumidwe ndi bungwe ndipo palibe ndalama yomwe ikubwera. Ndinaona kuti anthu amamasuka foni ikakhala pamphasa, osati m'manja mwanga. Mukafika kunyumba, tsiku lomwelo, lembani kuti munalankhula ndi yani, kuti, liti, ndipo tumizani mawuwo kwa m'bale wina pa WhatsApp kapena pa imelo. Ine ndinataya macheza a maola awiri ndi anganga aja memori khadi itafa, ndipo nditabwerera anali atadwala, sanathenso kulankhula motalika chotero. Palinso zina zomwe anthu amakuuza kenaka n'kunena kuti izi zokha usalembe: amene anatengana ndi mkazi wa mwini mumdima wa m'holo, amene ankakanena anzake kwa ayufi. Ana awo alipo, timapemphera nawo limodzi. Zimenezo ndinazifufuta, ndipo sindikudandaula.

Womaliza kucheza naye anali mlonda wa pakhomo, yemwe ankang'amba matikiti. Ndinamupeza ku Luchenza kwa mwana wake wamkazi, atagona pamkeka pakhonde. Poyamba sanandizindikire. Nditamupatsa mkombero uja anandiyang'anitsitsa, n'kunena kuti, "Iwe ndiwe kamwana kankagona pa zitini kaja." Anandiuza kuti ana opanda ndalama ankaunjikana kuseri, pansi pa timabowo tija, kumvetsera mawu okha. Mkombero woyamba ukatha, bambo ankatsika n'kumuuza kuti, "Achimwene, filimu yatha theka, tikiti yake ndi ya chiyaninso? Atsegulireni." Ankatero Loweruka lililonse, zaka zonsezo, ndipo kunyumba sanatchulepo.

Mlonda uja anamwalira patangotha milungu itatu. Kumaliro mwana wake anandikokera pambali n'kufunsa ngati mawu aja ndikadali nawo, poti m'nyumba mwawo munalibe chilichonse chokhala ndi liwu la bambo ake. Ndinamutumizira pomwepo. Usiku wa tsiku lomwelo anawaika pa sipika, abale atazungulira, nkhalamba ija ikufotokoza za munthu amene anadzuka m'manda n'kukwera hatchi, ndipo anthu ankaseka akupukuta misozi.

Holo ija akuti aigwetsa, njerwa zake akamangire zina. Ndinapempha kuofesi kuti ndiijambule isanagwe, ndipo anandilola. Mwana wanga ndi amene anagwira tepi yoyezera, ine ndikulemba: m'litali, m'lifupi, kutalika kwa timabowo kuchokera pansi. Anapempha kuti ndimunyamule asuzumire pa kakang'ono kaja. Wakula tsopano, ndi wolemera, koma ndinamunyamula. Loweruka likubwerali tikupita limodzi ku Thyolo, cha ku Bvumbwe, komwe tamva kuti kuli mlongo wake wa womasulira uja, ndipo mafunso akafunsa ndi iyeyo.